Tsiku Limene Foni ya Baba Inalumikiza

Uthenga woyamba unapita. Wachiwiri unakanirira panjira.

Mahtab anaima pazenera la chipinda chake atakweza foni m'mwamba ngati kuti netiweki yabisala padenga la anansi, koma kawotchi kosonyeza kuti uthenga sunapite kanangokhala pambali pa mawu ake, osasuntha. Uthenga woyamba, umene chibwenzi chake Siavash anali atauwerenga kale, unali wakuti: "Ngati masiku ano ntchito yako ndi kukonza foni ya Farangis, usavutikenso ndi ine." Wachiwiri anaulemba mtima utatsikako: "Ndayankhula mopusa. Ndiimbire." Pakati pa mauthenga awiriwo ndi pamene inafera VPN yake, pulogalamu yozembera mpanda umene boma linaika pa intaneti.

Kwathu ku Rasht munthu sakhala ndi VPN imodzi, monganso sakhala ndi ambulera imodzi. Ina ikathyoka umatola ina. Mahtab anali nazo zingapo, zonse zaulere, ndipo anaziyesa imodziimodzi: ya chishango, ya chithunzi cha nkhandwe, ndi ina yopanda dzina lomveka imene anapatsidwa ndi mnzake wa kuyunivesite. Iliyonse inkazunguza kagudumu kake, n'kumuonetsa malonda a masewera, kenako n'kunena kuti yalephera. Sabata imeneyo a boma anali atathinitsanso mpanda wa pa intaneti, ndipo m'matakisi, pamzere wa buledi, ngakhale pamaliro, funso linali limodzi: "Yako ikugwira? Ndi iti?"

Anamuimbira pa laini wamba. Foni inaitana mpaka kuduka yokha. Analemba meseji wamba: "VPN yanga yafa, sindinamalize zonena." Yankho linachedwa, ndipo litafika linali liwu limodzi: "Chabwino."

Mahtab anaponya foni pabedi. Akanatha kungolembanso mawu opepesa aja pa meseji wamba, koma kupepesa kumene munthu wakulemba mtima uli wofewa sikulembedwa kawiri, makamaka kwa munthu woyankha kuti chabwino. Anayenda mpaka pachitseko, anabwerera, anatolanso foni. Kawotchi kanali pomwepo.

* * *

M'nyumbamo sanali yekha wolimbana ndi foni. Bambo ake, Agha Eskandari, anakhala patebulo la chakudya cham'mawa magalasi ali pamphuno, akubaya foni yawo ndi chala chimodzi ngati akupha nsikidzi. Mwana wawo wamkulu, Kaveh, anapita ku Hamburg zaka zinayi zapitazo, ndipo mkazi wake anali atangochira, mwana wamkazi. Kaveh anaimba pa laini wamba kudzanena, mawu akudukaduka, koma zithunzi sizinafike ndipo pa vidiyo sankalumikizana. Khandalo linali litatha sabata padziko agogo ake asanaone ngakhale kaphazi.

"Isiyeni kaye, Baba, tiyi akuzizira," anatero Mahtab.

"Sindikuimbira munthu ine. Ndikuona za nyengo."

"Za nyengo ndikuuzani ndine, Manuchehr," anatero mayi ake, Parvin, akuika buledi wotentha ndi tchizi patebulo. "Kugwa mvula."

Baba anaika kashuga pakati pa mano n'kupsontha tiyi. Anayang'ana mwana wawo pamwamba pa magalasi.

"Dzulo ndinakumana ndi bambo ake a Bahram kumsika wa mpunga. Akufunsa tsiku loti abwere kudzakuona."

"Baba, ndinanena kale."

"Unanena kuti sukumudziwa. Akabwera umudziwa. Mnyamata ali ndi chigayo cha mpunga, minda ili ku Fuman, manda a agogo ake ali komweko. Munthu wotero sapita kulikonse." Anagogoda foni ndi chikhadabo. "Ine mwana mmodzi ndinapereka kale kwa Ajeremani. Wachiwiri sindipereka."

"Siavash sananenepo zochoka."

Dzinalo litangomveka, Baba anavula magalasi. Siavash anali mnzake wa Kaveh kuyambira kupulaimale, ndipo kale ankadya m'nyumba muno ngati mwana wa pakhomo. Koma ndi iye amene anayendetsa galimoto kukasiya Kaveh kubwalo la ndege ku Tehran, tsiku limene Baba anakana kutuluka m'chipinda kudzatsanzikana ndi mwana wawo. Kuchokera pamenepo sankamutchulanso dzina.

"Dalaivala uja," anatero Baba, "njira ya kubwalo la ndege amaidziwa bwino. Ndatha ine."

* * *

Chakumasana, Baba atapita kokacheza ndi anzawo opuma ntchito, kunabwera Farangis, mwana wa mng'ono wawo wa Maman, mayi ake a Mahtab. Mpango unali utatsetserekera kunkhongo, foni ili m'manja ikuliralira ngati mwanapiye.

"Muno muli zii bwanji? Mafoni anu afa onse?" Anapsompsona Maman masaya onse awiri. "Khale jan, mayi anga aakulu, mwaonda. Ndi nkhawa ya mdzukulu eti?"

"Yako ikugwira?" Maman anafunsa.

"Ngati madzi a pampopi. Siavash anandiikira ina yatsopano." Anatembenukira kwa Mahtab. "Ndinangoti ndiyese kumupempha, iye n'kuti khala pansi, usadandaule. Mayi ake anandithirira tiyi, mpaka kundikakamiza chakudya chamasana. Nyumba ija ndi yooneka bwino m'kati, Mahtab. Unalowamo?"

Mahtab anali asanalowemo, ndipo Farangis ankadziwa.

"Ine sindiyenda m'makomo a anthu nditatambasula foni ngati wopemphetsa."

"Ndiye khala ndi ulemu wakowo, ife tikhale ndi intaneti." Farangis anakhala pa sofa n'kusendeza foni kumaso kwa Mahtab. "Taona, dzulo lomweli anandifunsa ngati ikugwirabe. Anthu ena amasamala."

Pagalasipo panali mauthenga a Farangis, ataliatali, odzaza timitima tofiira, ndi a Siavash, aafupi ngati a munthu wa ku ofesi. Koma maso a Mahtab anatola chinthu chimodzi chokha: dzulo lakelo woyamba kulemba anali Siavash.

"Siyani zimenezo," anatero Maman akupukuta manja. "Imbira Kaveh ndimuone mwana."

Farangis anabaya dzina la Kaveh monyadira. Foni inaitana kamodzi n'kuima. Panatuluka mawu akuti gawo laulere la tsikulo latha, abwerenso mawa.

"Ndi mavidiyo a madiresi a ukwati aja ndimaonera m'mawa," anatero akuseka. "Amadya kwambiri."

"Ukwati wa ndani?" Mahtab anafunsa.

"Munthu amakonzekeratu."

Farangis atachoka, Maman anaima pakhomo la khitchini atagwira m'chiuno.

"Ndipatse nambala ya Siavash."

"Maman, Baba akamuona pano..."

"Bambo ako amadzuka m'mawa uliwonse kuona za nyengo pafoni yakufa. Dzulo ndinawapeza atatulutsa zithunzi za Kaveh ali khanda, akunamizira kufuna lisiti ya gasi. Ine ndakalamba nawo, ndikudziwa chimene angameze ndi chimene sangameze. Bweretsa nambala."

"Ine ndi iye sitikuyankhulana."

"Zimenezo ndi zanu. Ine ndili ndi mdzukulu woti ndimuone."

Anaimba pomwepo, ndi mawu otsekemera amene amasungira alendo. Anafunsa za mayi ake, za bondo la bambo ake, kenako anagwirizana za Lachisanu masana. Atadula, anatenga basiketi n'kuipachika padzanja la Mahtab.

"Akuti ali kumsika waukulu, akugulira mayi ake nsomba. Ifenso adyo watha."

Mahtab anayang'ana nkhata ya adyo yolendewera pakhoma. "Nanga uyo?"

"Ameneyo ndi wakale. Pita."

* * *

Anamupeza pamzere wa nsomba, pansi pa pulasitiki yodontha, tsitsi litanyowa mbali imodzi. Siavash anamuona akubwera ndipo anaika dzanja pachifuwa.

"Moni, Mahtab khanom."

Ulemu umenewo unamubaya kuposa chipongwe.

"Khanom? Kuyambira liti?"

"Kuyambira pamene ndinauzidwa kuti ndisavutike."

"Ndinakulembera kuti sindinamalize."

"Ndinaganiza kuti zotsalazo n'zoopsa kuposa zoyambazo. Ndinati bola VPN yafa, yandipulumutsa."

Mahtab analuma mlomo kuti asaseke. Sanabwere kudzaseka.

"Farangis akuti mayi ako anamudyetsa chamasana."

"Anafika nthawi ya chakudya atanyamula bokosi la makeke. Ukanatani iwe? Mayi anga amadyetsa ngakhale munthu wodzawerenga mita ya magetsi."

"Nanga zomufunsa ngati ikugwira?"

"Ndinafunsa onse amene ndinawaikira. Amalume anga, wometa tsitsi wanga, mayi wogulitsa maolivi pakona paja. Ndimafuna kudziwa imene yatsala yamoyo kuti ndidzakuikire iwe yeniyeniyo." Anaima pang'ono. "Kenako uthenga wako unafika."

"Agha," anatero wogulitsa nsomba, mpeni uli m'manja, "mugula, kapena muima pompo mpaka tsiku la ukwati? Nsomba yanga siidikira choncho."

Siavash anagula nsomba imene sanaiyang'ane n'komwe, ndipo anasunthira pakhonde la sitolo yotseka, pamene mvula sinkafika.

"Bweretsa foni."

Tsoka la zinthu zimenezi n'lakuti kuti utsitse VPN umafunika kukhala ndi VPN ina. Choncho Siavash anayandikizitsa mafoni awiriwo n'kuitumiza kuchokera m'yake, monga anansi amapalirana moto. Foni ya Mahtab inatulutsa chenjezo.

"Ikufunsa ngati ukukhulupirira chinthu chochokera kosadziwika," anatero Siavash.

"Ndikhulupirire?"

"Pulogalamuyi, pang'ono chabe. Ukamalowa kubanki uziyamba waizimitsa. Ineyo ndiye ukhoza kuyesako."

Mahtab anabaya povomera. Kagudumu kanazungulira, kanaima, kanazunguliranso. Panabwera malonda a mankhwala omeretsa tsitsi, bambo wadazi akumwetulira. Atachoka bamboyo, pamwamba pa galasi panatuluka kakiyi kakang'ono, ndipo foni inayamba kunjenjemera m'manja mwake, mauthenga onse amene anakanirira akulowa mopanikizana.

M'thumba la Siavash munalira kamodzi.

Mahtab anadziwa chimene chalowa. "Usawerenge."

Koma anali atatulutsa kale. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka, ngati kuti mawu atatu aja ndi tsamba lonse. Kenako anabaya penapake n'kuika foni kukhutu. Ya Mahtab inayamba kuitana.

"Ukutani?"

"Ndauzidwa kuti ndiimbe."

Anthu ankadutsa ndi maambulera, wina akukuwa mtengo wa malalanje. Mahtab anayankha, akuyang'ana kumbali.

"Halo."

"Halo. Ndamva kuti kumeneko kuli munthu wayankhula mopusa."

"Mwaimba molakwika."

"Mawu akewo ndi omwewo."

Anadula onse awiri, ndipo kwa kanthawi anangoima phewa ndi phewa, osakhudzana, akuyang'ana madzi akutsika m'ngalande. Mahtab ndiye anayamba.

"A Bahram akufunsa tsiku. Baba sakuseka."

Nkhope ya Siavash inasintha. "Wawayankha chiyani?"

"Chimene ndimayankha nthawi zonse. Koma ndatopa, Siavash. M'nyumba muja dzina lako likatchulidwa ngakhale supuni zimasiya kulira. Lachisanu ukalankhule nawo ngati munthu, usakangokhala wokonza foni."

"Ndikayesa." Anasinthira nsomba kudzanja lina. "Lachisanu likadutsa, ine ndi iwe tikhale pansi penapake pabata. Pali zambiri zoti tikonze."

Mahtab anaganiza za mphete, za holo, za nyumba ya lendi. Anabwerera kunyumba akuyenda mofulumira, akutulutsa foni pakona iliyonse kuona ngati kakiyi kadakalipo. Anafika basiketi ili yopanda kanthu, ndipo Maman sanafunse za adyo.

* * *

Baba sanauzidwe kanthu mpaka belu litalira.

"Ndaitana wokonza foni," anatero Maman akupita kukatsegula.

Siavash anavula nsapato pakhomo n'kulowa, malaya atasitidwa mpaka kuuma, bokosi la makeke a ku Fuman lili m'manja. Baba anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasokosi.

"Parvin, uyu ndiye wokonza foni?"

"Lero ndi wokonza foni."

Kwathu mlendo akavula nsapato sabwezedwa. Baba analoza mpando wakutali, pafupi ndi zenera. Mahtab anabweretsa tiyi. Siavash anakana mwaulemu, Maman anakakamiza, anakananso, kenako analandira. Foni Baba sanaipereke m'manja. Anaiika patebulo n'kuikankha ndi chala.

"Akuti ndi yaulere?"

"Inde, Agha Eskandari."

"Chaulere chimakhala pambedza. Nsomba imadziwa mochedwa. Eni akewo akupindulapo chiyani?"

"Amakuonetsani malonda. Komanso amatha kuona kumene foni yanu ikuyenda. Zachinsinsi musamachitirepo."

"Ndiye kuti pobisala kwa boma, ndidzivule pamaso pa munthu amene sindikumudziwa."

"Ndi momwemo, Agha."

Baba anang'ung'udza kukhosi. "Bola sukometsa."

Siavash anatumiza pulogalamu ija, anachotsa zakufa zimene zinadzaza m'fonimo, kenako anabweza foni kuti Baba abaye okha batani lalikulu la pakati. Baba anaitalikitsa kumaso, Maman anasuzumira paphewa pawo. Kagudumu kanazungulira. Mwadzidzidzi galasi lonse linadzaza ndi mtsikana wa zovala zosambira, akugwedeza tsitsi, pansi pake patalembedwa kuti akazi okongola ali pafupi nanu ndipo akukudikirani.

Baba anaphimba foni ndi chikhatho. Kuseka kwa mtsikanayo kunkatulukabe pakati pa zala.

"N'chiyani wandiikirachi?"

Siavash anafiira mpaka m'makutu. "Ndi malonda aja, Agha. Satsekeka. Amatha okha, tingodikira."

"Tidikire? M'nyumba mwanga?"

"Pafupi nanu ndilipo ndekha, Manuchehr," anatero Maman, "ndipo ine sindikudikira kanthu."

Mahtab anathawira kukhitchini ndi thireyi, n'kuluma mpango kuti phwete lisamveke. Atabwerera anapeza mtsikana uja wapita, ndipo Siavash wasendeza mpando pang'ono, akuonetsa Baba timbendera ta mayiko amene foni ingadzereko polumikiza.

Ya Germany inakana. Ya Holland inagwira n'kutaya pomwepo. Siavash anasankha ya Finland, kagudumu n'kuyambanso ulendo wake. Onse anayang'ana pamenepo. Panalibe choyankhula, ndipo mwina n'chifukwa chake Baba anayankhula.

"Unamuyendetsa bwino mwana wanga?"

Siavash anakweza mutu. "Analira mpaka ku Qazvin. Ndinamufunsa ngati tibwerere, anakana. Titayandikira Tehran ndinafunsanso. Ndikanakana kumutenga, Agha, akanakwera basi yekha ndi masutikesi ake. Kupita kokha akanapita."

"Ananena chiyani potsika?"

"Anati ndizibwera kudzakuonani."

"Sunabwere."

"Ndinabwera. Munauza Parvin khanom kuti mwagona."

Baba anatenga keke imodzi m'bokosi lija, anaiyang'ana, n'kuiluma.

"Yagwira," ananong'ona Mahtab. Kakiyi kanali katatuluka.

"Ndiye tsopano ndili ku Finland?" Baba anafunsa.

"Foni yokha, Agha."

"Nayonso yachoka." Koma chala chawo chinali chikufufuza kale dzina la Kaveh.

* * *

Inaitana nthawi yaitali. Kenako panatuluka denga loyera, chibwano, ndipo pomaliza nkhope ya Kaveh, yoyamba yophwanyikaphwanyika ngati galasi losweka, kenako yosalala.

"Baba? Maman? Mukundiona?"

Maman anayamba kulira ndi kuyankhula nthawi imodzi. Baba anayang'ana mwana wawo, amene anali asanamuone bwinobwino kwa miyezi yambiri, ndipo chimene anapeza chonena chinali chakuti, "Wanenepa. Mwana ali kuti?"

Chithunzi chinagwedezeka, chinadutsa m'kakhonde, ndipo chinaima pa kanthu kofiirira kokulungidwa m'bulangeti lachikasu. Kanayasamula, kanatambasula zala, n'kukwinya nkhope ngati kakhumudwa ndi dziko lonse.

"Nilufar," anatero Kaveh. "Perekani moni kwa agogo."

Baba anayandikizitsa foni mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Anaipukuta ndi mkono wa malaya.

"Makutuwo ndi a mayi anga," anatero. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, koma sizinathandize. "Parvin, taona makutu."

"Ndikuona, Manuchehr. Sendezani mutu wanuwo nanenso ndione."

Mahtab anaima kumbuyo kwawo atakumbatira thireyi. Anaponya diso kwa Siavash, amene anali atabwerera kumpando wake wa pazenera kuti asalowerere za banja. Iye sankayang'ana foni. Ankayang'ana manja ake.

Baba anayankhula osatembenuka.

"Siavash."

M'chipindamo aliyense anamva kuti dzinalo latuluka pakamwa pamene linali lisanatuluke zaka zinayi.

"Sendera kuno, usakhale ngati mlendo. Bambo ako bondo lija likuwavutabe? Ukawauze kuti khomo lino akulidziwa. Abwere ndi mayi ako tidzamwe tiyi."

Kwathu bambo wa mwana wamkazi akanena mawu amenewo, sanena za tiyi. Maman anatsina Mahtab pamkono mwakachetechete. Mahtab anaika thireyi pansi.

Siavash anadzuka pang'onopang'ono. "Agha, mwina muyambe mwamaliza ndi Kaveh..."

"Bwera, akuone mnzako."

Baba anamukoka pamkono n'kumukhazika pambali pawo. Nkhope yake inalowa m'kabokosi kakang'ono ka pakona. Kaveh anatsinzinira, kenako anaseka mokweza mpaka khanda linadzidzimuka.

"Kodi ndi Siavash ameneyo? M'nyumba mwathu, pa sofa ya Baba? Ndiye kuti wawauza, zatheka. Ine ndimaopa kuti akuponyera pazenera." Anasinthira mwana kudzanja lina. "Tamvera, mwini nyumba uja wavomera za chipinda, ndipo abwana akuti chaka chatsopano cha Nowruz chikangolowa uyambe ntchito. Baba, musadandaule, akhala pafupi ndi ine, msewu umodzi. Mahtab, iwe ubwera naye limodzi, kapena udikira kaye mapepala a..."

Chithunzi chinauma, Kaveh ali kukamwa yasa. Panatuluka mawu akuti gawo laulere la tsikulo latha, ndipo kenako malonda a masewera, ndi kanyimbo kake kosangalala.

Baba anatembenuza foni n'kuiika chafufumimba patebulo. Kanyimbo kanapitirira pansi pake mpaka kanatha.

"Agha Eskandari," anayamba Siavash, "ndimafuna ndi..."

Baba anakweza dzanja. Sanamuyang'ane. Anayang'ana mwana wawo wamkazi.

"Iwe. Unkadziwa?"

Mahtab akanena kuti ayi, Siavash atuluka m'nyumba muno ngati wabodza amene wanamiza bambo ndi mwana yemwe, ndipo khomo limeneli salionanso. Akanena kuti inde, ndiye kuti iye mwini wakhala patebulo ili m'mawa uliwonse akudya buledi wa bambo ake uku akukonza zowathawa. Anafuna kumuwaza Siavash tiyi kumaso. Anafunanso kuima pakati pa iye ndi chitseko.

"Ndinkadziwa, Baba."

Siavash anadzutsa mutu msangamsanga. Maman anagwira pakamwa.

Baba anaimirira. Anapinda magalasi bwinobwino n'kuwaika m'thumba la malaya. Sanakalipe, ndipo Mahtab akanakonda akanakalipa.

"Zikomo pokonza foni," anatero kwa Siavash, ngati akuyankhula ndi munthu wa kusitolo. Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Maman anawatsatira, anagogoda, anaitana dzina lawo, ndipo atawatsegulira analowa.

Anatsala awiri, tiyi atazizira m'timatambula.

"Wanamiranji?" Siavash ananong'ona.

"Kuti Baba asakuthamangitse ndisanakufunse ndekha." Mawu a Mahtab anali otsika, osanjenjemera. "Zayamba liti?"

"Chaka chatha. Kuno ntchito yanga ikufa, ukudziwa. Sindinkayembekeza kuti ayankha. Ndimati ndikuuze zonse zikatsimikizika, tikonze limodzi..."

"Kaveh akudziwa. Abwana a Kaveh akudziwa. Mwini nyumba wa ku Hamburg akudziwa." Anasendera pafupi mpaka Siavash analephera kuthawitsa maso. "Ndiyankhe chimodzi chokha. Chipinda chimenecho unapempha cha anthu angati?"

Siavash anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

Kuseri kwa chitseko kunamveka mawu a Maman akuchonderera, kenako kulira kwa mabatani a foni ya m'nyumba, ija ya chingwe imene siifuna kiyi aliyense. Baba anakonza kukhosi, ndipo ndi mawu aulemu, omveka bwino mpaka pabalaza, anapereka moni kwa bambo ake a Bahram.